Ndowa ya Sofia, Osati Yotungira Madzi

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Maso Patali,
Kulikonse kumene mumakhalako.

Wolemekezeka Bwana,

Lero Lachitatu, pemphero lathu la swala ya masana litangotha, ndakhala pakhonde kuti ndikulembereni. Ndine Abiti Twalibu wa kwa Nselema, ku Machinga. Mukaona zilembo zikupendekeka musadabwe. Sukulu ndinaisiya panjira, koma pakamwa ndinabwera napo. Muli bwanji kumeneko? Nanga amayi ndi ana? Kuno tilipo, kupatula mawondo ndi kabokosi kanu.

Nkhani yake ndi iyi. Mdzukulu wanga Sofia, amene ndinalera ine mayi wake atatisiya iye akadali wakumsana, akulowa m'banja ndi Bilali Lamlungu likubwerali ku Joni. Ine sindingakafike, mawondo anakana, ndipo foni yanga ndi ya mabatani. Ndiye mwanayo anatuma a Wadson, okonza mafoni ku Balaka, kuti andisankhire kakompyuta kanu kolumikiza ku TV, kuti mwambo wonse ndidzauone pompano ukuchitika. A Wadson anandifunsa ngati ndikufuna kawamba kapena kokumbukira zambiri. Ndinasankha kokumbukira zambiri, poti ine ndayamba kuiwala. Anabwera nako pa minibasi, kakang'ono ngati theka la njerwa, n'kukamangirira kuseri kwa TV, chingwe ku batire ya sola. Anandionetsa batani la pa limoti loti ndizifinya n'kungonena chimene ndikufuna. Pakatoni munalemba kuti kamamva Chichewa. Tsono ndikuthokozeni mwadongosolo.

Choyamba, zikomo pondiphunzitsa kuti moni ndi kutaya nthawi. Kwathu kuno ngakhale wodzapala moto amayamba wafunsa mmene mwadzukira. Tsiku loyamba ndinafinya batani n'kupereka salamu. Ndisanafike pofunsa za ana, kanali katatseka kale makutu. Kuyankha komwe, iyayi. Pano ndimakalankhula ngati wapolisi wa pamsewu, mpaka mayi Anastasia, anzanga oyandikana nawo, anathamangira kuno ndi ndodo poganiza kuti mbuzi zalowa m'nyumba.

Chachiwiri, ndipo apa mukhale bwino pampando. Ife Asilamu ukwati womangidwa ndi ashehe timautcha ndowa. Mawu amenewa sanabwere dzulo. Mayi anga anakwatiwa nawo. Ojambula a ku Joniko mwambowu anautcha Ndowa ya Sofia ndi Bilali, ndipo a Wadson anati ndikatchula dzinalo udzatulukira. Ojambulawo aikapo kale kanema wa akuchimuna akulonjerana ndi akuchikazi kuti tiyeserepo. Ndinavala mpango wabwino, ndinakhala pamkeka, ndinatchula.

Bwana, munandibweretsera ndowa. Zofiira, zobiriwira, zachitsulo, za chivundikiro, ina ya mpopi pamimba. Mtsikana wa mano oyera anainyamula m'mwamba ngati mwana wobadwa kumene. Sindinkadziwa kuti dziko lapansi lili ndi ndowa zochuluka chonchi, ndipo ndikanafa mbuli.

Ndinachotsa mawu oti ndowawo n'kutchula Sofia yekha. Munandipatsa mzinda wa azungu, wachisanu, wa sitima zoyenda pakati pa msewu, akuti dzina lake ndi lomwelo. Ndi wokongola, sindikana. Ndinauyang'ana mpaka kumapeto, mwana wanga sanadutse. Mayi Anastasia, poti iwo ndi Akatolika, anati ndisamaumirire, ndingonena kuti ukwati. Anatuluka maukwati a anthu onse, makeke aatali ngati chulu, akwati akupsompsonana pamaso pa apongozi awo. Wa mwana wanga wokha panalibe. Mayi Anastasia anayesa kulemba okha, akuthamangitsa chilembo chilichonse ndi limoti ngati nkhuku yothawa mpeni. Atamaliza, thukuta lili kamukamu, ndowa zija zinabwerera.

Chachitatu, za kukumbukira simunaname. Kabokosika sikaiwala. Chiyambire tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ndikayatsa kamandilandira ndi ndowa zatsopano, kenako mabeseni, dzana kanawonjezera migolo. Kanaona kuti gogo uyu mtima wake uli pa zotungira madzi, ndipo sikandisiya ndekha. Ana obereka ndekha sananditsatepo chonchi.

Chachinayi, kapena chachisanu, muwerenge nokha ndinu ophunzira. Ndinaimba nambala ya pakatoni ija. Anayankha mtsikana waulemu kwambiri, amene ananditcha kasitomala kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngakhale dzina ndinamuuza. Anati ndizimitse n'kuyatsanso. Ndinatero, zinabwera ndowa za mtundu wachikasu. Nditamufotokozera kuti ndowa yanga ndi ya Lamlungu, ya ashehe, anandifunsa ngati ikudontha. Musamuchotse ntchito, chonde. Mwanayo ndi kabokosika anaphunzira kalasi imodzi, ndipo mphunzitsi wawo sanawolokepo mlatho wa ku Liwonde.

Tsono imvani pamene pali mtima wanga. Ndaitana amayi a kumzikiti. Mayi Anastasia abwera ndi anzawo akatuluka Misa. Mpunga ndapeta, nsalu yofanana ndi ya akuchikazi ndasoketsa. A Wadson sadzakhalapo, akubatizitsa mwana tsiku lomwelo. Manyazi a pagulu ndipirira, pa msinkhu wangawu saluma. Koma Sofia anandilonjeza kuti ashehe akamaliza, adzayang'ana kamera n'kundiimikira dzanja, kuti ndidziwe kuti kumene akupitako akupita ndi mtima wake. Mwana ameneyu ndimamudziwa. Pafoni amati zonse zili bwino ngakhale akudwala, koma nkhope yake sinandinamizepo. Ndikufuna ndiione nkhopeyo. Iye adzaimika dzanja akuganiza kuti agogo ake akumuona, ine kuno ndikuimbira nthungululu mabeseni.

Choncho ndagwada, ngakhale kudzuka kwake ndi nkhani ina. Titumizireni munthu amene anaphunzitsa kabokosika Chichewa. Sitimumenya. Adzadya mpunga, adzakhala pamkeka pakati pa amayi, amve mmene anthu amalankhulira kuno, kenako akanong'oneze kabokosi kake mawu amodzi okhawa. Zikakanika, bwerani nokha Bwana ndi foni yanu yaikulu, muime kutsogolo kwa TV yanga mutaikweza m'mwamba mpaka mwambo uthe. Miyendo ikatopa, chokhalira chilipo. Ndi ndowa, tidzaivundikira pansi, ndipo mtundu mudzasankha nokha.

Mulungu akupatseni moyo wautali, ndi adzukulu okhala pafupi.

Ine wanu wosaphunzira,
Abiti Twalibu,
kuseri kwa msika, Nselema.

Inu amene mwaiwerenga kalatayi, musaipinde n'kuika m'thumba. Mpatseni mnzanu, wakabaza apatse kondakitala, kondakitala apatse aliyense wovala tayi, mpaka ipeze mwini wake Lamlungu lisanakwane. Ikakufikani Lolemba musavutike nayo, mwana adzakhala atapita kale. Mungokulungira zitumbuwa.