Galimoto Imene Inaiwala Msewu

Usiku wathawu ndinalota maloto oti mpaka pano mtima sunakhale m'malo, anyamata. Koma muyambe mwamva za dzulo, apo ayi muziti ndapenga.

Mukuidziwa Sienta ya amalume anga a Chimtengo, ija amaitcha Nambewe. Ndinalonjeza Upile, mtsikana ndimamufuna uja, kuti Lamlungu likudzali ndidzamuperekeza pa galimoto imeneyi ku Zomba, kukoleji ya unamwino kumene wasankhidwira. Ndikalephera, amunyamula Gwedeza wa kabaza uja, ndipo nonse mukudziwa kuti wokwera njinga yamoto amagwira pati. Tsono pepala loiloleza galimoto kuyenda pamsewu linatha, ndipo titapita kokapimitsa anatibweza. Akuti makina opimira utsi akaifunsa kompyuta ya m'galimoto, ikuyankha kuti sinakonzeke. A Saidi amakaniko ndiwo anatimasulira: batire likangochotsedwa, kompyuta imaiwala zonse, ndiye pamafunika kuiyendetsa galimoto mtunda wautali kuti iphunzirenso. Pamene amalumewo, chiwabereni batire chaka chatha, madzulo aliwonse amalimasula n'kukaligoneka kunsi kwa bedi lawo. Dzulo ndinayendetsa Nambewe tsiku lonse mpaka msana kuuma, ndiye madzulo ndinachita kuwagwadira. Ndinati, "Amalume, lero lokha, batire ligone m'galimoto." Iwo anangoti, "Tiona, mphwanga."

Ndiye m'malotomo dzuwa lili paliwombo, ine ndili pachiwongolero. Ndapotokola kiyi, ndipo mayi wa m'kompyuta ya galimoto uja, amene amalankhula Chijapani injini ikamalira, anayamba Chichewa chenicheni cha ku Dedza.

"Odi kuno! Kodi ndili kuti ine?"

Ndinati, "Muli ku Bangwe, mayi."

"Bangwe ndi mwana wa yani? Nanga zozungulira zili kunsi kwangazi n'zantchito yanji?"

"Matayala amenewo, mayi! Chonde kumbukirani msanga, nthawi ilibe m'bale."

Mwadzidzidzi a Saidi ali khale pa boneti, avala mkanjo wa wotsogolera kwaya, sipanala ili m'manja ngati kandodo koimbitsira. Anayamba kuimba malamulo, matayala onse anayi akuvomera: "Injini iyambe yazizira. Uisiye ilire yokha, osaiponda. Ukalowa msewu waukulu, liwiro likhale limodzi. Kenaka uchotse phazi, itsike yokha, buleki osaigunda. Ukaigunda, mwana wanga, wayambiranso."

Ndiye ndinauyamba msewu wa Zomba. Poyamba zinkayenda, mayi uja akung'ung'udza ngati mwana wa sitandade wani: "Aha, iyi ndi giya. Aha, uwu ndi utsi wanga." Mwadzidzidzi hampu inadzuka pakati pa msewu, n'kukula mpaka kufanana ndi phiri la Chiradzulu, itavala chipewa.

Inati, "Achimwene, mungandidutse osandipatsa moni? Munaleredwa kuti?"

Phazi langa linapita lokha pa buleki. Mayi uja anangoti, "Iii, ndaiwala. Paja Bangwe ndi mwana wa yani?" Kuphethira kamodzi, tabwerera pakhomo, injini yazizira ngati mwala wa kumtsinje.

Ndinayambiranso. Ulendo uno hampu ndinaipatsa moni ndili patali, iyo n'kugona pansi mwaulemu. Ndiye ndikuti ndipume, ndinangoona masamba aikidwa pamsewu. Maliro. Mukudziwa nokha kuti pa masamba munthu sathamanga, ngakhale utachedwa bwanji. Ndinayesa kuchotsa phazi kuti galimoto itsike yokha monga ananenera a Saidi, koma azimayi anali atadzaza msewu wonse, akuimba nyimbo yachisoni. Ndinasuzumira pawindo n'kufunsa kuti watisiya ndani. Mayi wina anandilozera pamphasa. Pamphasapo panali batire la amalume, alifunditsa nsalu yoyera.

Batirelo linavundukula nsalu n'kukhala tsonga. Linati, "Musalire, abale, sindinafe ayi. Ndimangokagona kunsi kwa bedi. Kumeneko n'kofunda, ndipo nsapato za a Chimtengo zimandichezetsa."

Ndinati, "Bwerera m'galimoto, ukundiphetsa!"

"Ukufulumira chiyani, mnyamata? Chikondi sichithawa."

"Chimathawa! Chili ndi njinga yamoto!"

Ndisanatseke pakamwa, Gwedeza anadutsa fyuu, tayala lakutsogolo lili m'mwamba. Kumbuyo kwake anamangirira sutikesi yofiira ya Upile, ndipo sutikesiyo inanditembenukira n'kutsegula zipi ngati kamwa. Inati, "Ine sindisankha, achimwene. Amene wafika msanga ndi yemweyo." Upile mwini wake ndinamuona m'kagalasi koonera kumbuyo, ali chilili pansi pa mtengo wa jakaranda wa kwawo, maluwa akumugwera m'tsitsi. Anandiyang'ana ndi maso ake aja, n'kunena motsitsa, "Unati udzabwera ndi galimoto." Ndinatembenuka kuti ndimuyankhe, koma kumbuyo kunalibe munthu, kunali mbuzi ikudya lamba wa mpando.

Ndiye sindikudziwa kuti maliro aja anathera pati, ndinangopezeka ndili pa rodibuloko. Wapolisi anakweza dzanja, dzanjalo n'kumera nthenga, malaya oyera aja n'kusanduka chifuwa cha khwangwala. Anzake onse anatera pa denga la galimoto, zikhadabo zikuti kwacha kwacha.

"Khwaa! Mwanyamula chiyani, bwana?"

Ndinati, "Palibe, akuluakulu. Ndanyamula zimene galimoto yaphunzira basi. Chonde musandiimitse, zitayika."

"Tsegulani tione!"

Nditatsegula kumbuyo, munali chimanga chokazinga chodzaza thumba, njere iliyonse ikulankhula. Ina ikuti "giya", ina ikuti "utsi", ina ikuti "Zomba". Akhwangwala anayamba kujompha. Ndinawakupiza ndi satifiketi yanga ya Fomu 4, yomwe inali itakula ngati lichero, mpaka anauluka akutukwana. Zotsalazo ndinazikumbatira n'kuthamangitsa galimoto.

Mwadzidzidzi tili kopimitsa kuja, koma malowo asanduka holo yolembera mayeso. Magalimoto akhala m'mizere pa madesiki, minibasi ina ikulira kuti yaiwala cholembera. Nambewe wavala yunifolomu, akunjenjemera mpaka magalasi kuchita phokoso. Wopima wamng'ono anagwada kumbuyo kwake, mphuno n'kutalika, n'kusanduka galu, n'kuyamba kununkhiza paipi ya utsi. Anati, "Utsiwu ulibe mlandu, koma mwini wake sakuudziwa."

Ndinanong'oneza, "Mayi, akakufunsani muziti mwakonzeka."

Galu uja anauwa. "Kubera mayeso! Kubera mayeso!"

Ndiye analowa wopima wamkulu, bambo wa tayi, atagwira chingwe cha makina. Akuyenda, tayi ija inapiringizika n'kukhala mchira, maso n'kutuluka, diso lina kwa ine, lina kwa galimoto. Bilimankhwe. Mwendo umodzi m'mwamba, kuganiza, kuubweza, kuuponyanso. Kunja ndikumva njinga ya Gwedeza ikuzungulira holo, vuu, vuu.

Ndinati, "Bwana, chonde fulumirani, Lamlungu lafika pakhomo."

Anati, "Mwana iwe, ine ndinayamba ulendo uno agogo ako asanabadwe. Nanga wafa ndani?"

Pomaliza analowetsa chingwe kunsi kwa chiwongolero. Anatiuza kuti tiyang'ane khungu lake: likafiira tabwerera, likabiriwira tapambana. Linayamba lofiira. Kenaka lachikasu. Mayi uja anayamba kulakatula: "Ndine Nambewe wa ku Bangwe, ndili ndi matayala anayi, utsi wanga ndimaudziwa." Kumchira kwa bilimankhwe kunayamba kubiriwira, kubiriwirako kukukwera pamsana, kufika m'khosi. Chitseko cha galimoto chinatseguka chokha, Upile n'kuponda mwendo umodzi m'kati, fungo la mafuta ake odzola n'kudzaza holo yonse.

Mwadzidzidzi simenti inang'ambika, amalume n'kutulukira atafunda bulangete, sipanala ili m'manja.

Anati, "Kwada, mphwanga. Mbava."

Ndinayesa kukuwa kuti dzuwa likadali paliwombo, koma mawu anakana. Ndinayesa kuthamanga, miyendo yasanduka matayala ophwa. Amalume anatsegula boneti mosafulumira, akuimba kanyimbo ka kutchalitchi, ndipo batire linawatambasulira manja ngati khanda. Mayi uja anangoti, "Ndine Nambe... ndine... odi kuno?" Bilimankhwe anafiira thupi lonse. Ndiye amalume anayamba kulikoka batire pasimenti, khwee, khwee, khwee.

Ndinadzidzimuka thukuta lili kamukamu. Kunja kwayera, mpheta zikulira. Ndinati zikomo Ambuye, anali maloto chabe. Koma khwee uja sanasiye. Ankachokera kuchipinda kwa amalume, kudutsa pabalaza, mpaka anaima pakhomo panga.

Amalume anagogoda. "Mphwanga, wadzuka? Tabwera ugwire batireli mbali iyi tikalibwezere m'galimoto. Waona? Lagona bwinobwino, mbava sizinalinunkhe n'komwe."

Ndisanayankhe, kumsewu kunadutsa njinga yamoto, ikuliza hutala.