Chipepeso cha kwa a Karim

Nkhani iyi ndaibisa mokwanira. Lero ndiinene, manyazi sapha munthu.

Ku Middlesbrough, ku England, nyumba n'zogundana, mneba akayetsemula umayankha ndiwe. Aneba anga anali a Karim, bambo a ku Iraq odikira mapepala ngati tonsefe, ndi mayi awo okalamba omwe anatsokomola winter yonse.

Loweruka lina masana ndikuchokera ku shift ya ku care home kosamalira okalamba, ndinaona azibambo akulowa kwa a Karim mmodzimmodzi, mwakachetechete. Posakhalitsa kunamveka nyimbo, koma yosavinika. Mwamuna mmodzi ankakoka mawu amodzimodzi ngati akumuzula dzino, ena n'kumabuula pambuyo. Ndinagunditsa khutu kukhoma. Anthu akulira, chifuwa cha agogo zii.

Ndinati basi, atisiya.

Ine ndinakulira ku Ntcheu. Kwathu maliro saitanira, ndipo wokhala m'nyumba anzake akulira adzadzikumbira yekha manda. Ndinamanga chitenje pamwamba pa uniform, duku kumutu, paketi ya shuga m'manja ngati chipepeso. Kulira ndinayambira pageti monga mwa mwambo, eni ake adziwe kuti kwabwera munthu woleredwa.

Ndinakankha chitseko, n'kudziponya pa carpet manja kumutu.

"Mayi wanga ine! Mwatisiya ndi yani ku England kuno?"

Pampando panali a Karim atakumbatira chigitala chamimba chomwe amachitcha oud. Sanasiye kuimba. Anandiyang'ana, anatsinzina, n'kukweza mawu. Azibambo aja anabuula koposa. Ndinaona kuti anamfedwawa akufuna thandizo, ndinawonjezera moto. Tinapikisana choncho, iwo m'Chiarabu ine m'Chichewa, mpaka wina anandigwira paphewa.

Anali malemuwo, atanyamula thireyi.

"Tea, my daughter?"

Ndinalandira. Munthu sukana tiyi wa munthu amene wangomulira kumene.

A Karim anafotokoza kuti bambo awo ndi agogo awo ankaimba m'nyumba zomweramo tiyi ku Baghdad, nyimbozi zisanafike n'komwe pa wailesi. Kumeneko nyimbo ikakoma omvera amabuula, ena amagwetsa misozi, ndiko kuyamikira kwake. Imene ankaimbayo inali ya mtsikana wina wokana chibwenzi.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, koma a Karim anayamba ndiwo kulankhula. Anati chichokereni kwawo ankayesa kuti mawu awo anatha ntchito, moti oud ija ankafuna kuigulitsa.

"Sister, m'dziko lonse lino ndinu woyamba kundimvetsa," anatero m'Chingerezi, misozi ili lengelenge.

Ndikanati chiyani? Kuti ndinapha mayi awo, omwe pa nthawiyo n'kuti akundisisita dzanja? Chisoni chinandigwira, chenicheni tsopano.

"Yandikhudza kwambiri," ndinatero.

Oud sinagulitsidwe. Ine anandipatsa mpando wakutsogolo, ndipo ndinalira Loweruka lililonse mpaka boma linawasamutsira ku Bolton.

Kwa eni, usanayambe kulira yamba waona mtembo.