Madamu Patsogolo, Gulu Kumbuyo

Lolemba

Ndabwera kuchokera kumaphunziro a utsogoleri wa amayi mutu uli moto. Atiuza za amayi akunja okwera mapiri ataliatali. Ndiye ife a ku Bolero tilephere bwanji? Loweruka ndikukweza gulu lathu la amayi phiri la kuseri kwa sukulu yomwe ndimaphunzitsa. Lamulungu likubwerali tikusankha wapampando wa gululi, ndipo mpandowo ndikuufuna, ndisaname. Zaka zitatu chichokereni kwathu ku Thyolo, akunditchabe "madamu obwera". Akandiona pamwamba paja asiya.

Olembetsa: khumi ndi anayi!

Zofunika: nsapato zamasewera, madzi, nthochi, wezulo wanga.

Lachiwiri

A NyaMhango, mayi achikulire ogulitsa bowa pageti la sukulu, akufuna kupita nafe. Akuti phirilo amalikwera kawiri pa sabata. Ndayang'ana masilipasi awo, ndayang'ana imvi. Ndawauza kuti ulendowu ndi wa anthu okonzekera, ndipo njira ndili nayo pafoni. Ndanena izi pamaso pa anzanga, n'kusekanso pamwamba pake. Iwo angothokoza m'Chitumbuka, "Yewo chomene, madamu," n'kusenza beseni lawo. Kuseka kuja kukundivutitsa mumtima, koma pang'ono chabe.

Lachitatu

Atsala asanu ndi anayi. Zifukwa zake:
atatu akuthyola fodya ku Nkhamanga;
mmodzi amuna ake akuti mkazi wokwera phiri atavala thalauzi si wawo;
mmodzi akuti bondo. Bondo lomwelo dzulo limathamangira minibasi!

Lachinayi

Zolimbitsa thupi pabwalo la sukulu. Ndaimba wezulo mpaka masaya kuwawa. A Nachisale, anamwino, mnzanga yekhayo wapamtima kuno, andikokera pambali: "Achemwali, gulu si kalasi. Wezuloyo muchepetse. Ndipo mayi aja mukawapepese." Ndayankha kuti mtsogoleri sabwerera m'mbuyo. Zili m'kope langa la maphunziro, ndinachita kuzilemba ndi cholembera chofiira.

Lachisanu

Atsala asanu. Mvula tsiku lonse. Nsapato zatsopano zikundiluma chala. Bowa lero sindinagule, ndatulukira geti lakumbuyo ngati wakuba.

Loweruka



Tanyamuka m'mawa, ine patsogolo, maso pafoni. Kucheuka ayi, n'kamodzi komwe. Kenako nkhungu! Netiweki yathawa. Ndatembenuka, palibe munthu. Ndaimba wezulo, andiyankha anyani. Ndakhala pamwala, ndalira, ine mayi wa ana atatu.

Dzuwa litapendeka ndamva nyimbo ikutsika phiri. Ndi anzanga aja, aliyense bowa m'chitenje. Kumbuyo kwa onse kuli a NyaMhango ndi masilipasi awo, atagwira dzanja a Nachisale omwe atopa kwambiri. Mayiwa anapeza anzangawo atasochera, anawamwetsa madzi pakasupe kena, anawafikitsa pamwamba penipeni, kenako n'kuyamba kufunafuna ine. Pamwamba afika onse kupatula mwini ulendo.

A NyaMhango sanandinyoze. Angoti, "Madamu, paphiri tikuyenda pachokopachoko, osathamanga. Mukamuona wakumapeto, ndiye mupondenso." Bola akanandikalipira. Njira yonse yotsika ndayenda pakati pa gulu, manyazi akundiotcha makutu.

Lamulungu

Chisankho chachitika titatuluka m'tchalitchi, pansi pa mtengo wa mango. Manja onse akwera kwa a NyaMhango. Langanso lakwera, ngakhale mochedwa. Mpando wapita, ndipo wolakwa palibe koma ine. Zikundiwawa kwambiri, makamaka ndikakumbukira kuti a Nachisale anandichenjeza ine osamva.

Ndapita pomwe anakhala a NyaMhango, ndagwada pamaso pa onse, ndapepesa. Iwo akuti, "Palije kanthu, mwana wane. Dzukani, mukudetsa chitenje."

Kudzuka kwake! Miyendo ya dzulo yakana. Ndayesa kawiri, ndabwerera pansi. Amayi akubisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Andidzutsa ndi a NyaMhango omwewo, ndi manja awiri, ndipo andiperekeza mpaka pakhomo panga, ine nditawatsamira.