Mluzu Umene Sunalire

Pulaniyo inabadwira m'bala, botolo lachitatu litafika pakati, nthawi imene munthu aliyense amakhala wanzeru kuposa bambo ake. Bwana Mapulani, amene chibadwire anali asanabepo chinthu choposa bakha, anauza anzake awiri, Zala ndi Chimpata, kuti kuseri kwa chipatala cha mano kuli kachipinda kodzaza golide. Anati mmenemo mmisiri amapanga mano oikirira a anthu olemera. Dokotala amakhoma timisomali tagolide m'chibwano, ndiye manowo amangoti khethe pamwamba ngati batani la malaya.

"Masana mmisiriyo akapita kokadya, ife tilowe. Mawa lino ndife madolo, amwene," anatero.

Chimpata za golide analibe nazo ntchito, iye ankafuna mano. Anayi akutsogolo anawasiya pachitseko cha bala lomwelo, ndipo bwenzi lake linali litamuuza mosapsatira kuti silingakwatiwe ndi mwamuna amene akati anene "zikomo" amaimba mluzu. Mayi a mtsikanayo ndiye sankafuna n'kumuona komwe. Zinkamupweteka mtima zedi.

Mluzu womwewo ndi umene unamupezera ntchito. Mapulani anamuika pawindo la m'kachipindamo kuti akaona mmisiri akubwera, aimbe.

Kulowa kunali kosavuta, poti chitseko chinali chongotsekera. Mapulani ndi Zala anayamba kukokolera timisomali tachikasu m'masokosi. Koma Chimpata, m'malo moyang'ana panja, maso ake anagwera pashelefu pamene panali mano oyera mbee, apamwamba ndi apansi, akumusekerera. Anawaponya m'kamwa. Manowo anagwa. Atawatembenuza anaona timabowo kunsi kwake, ndipo anakumbukira kuti iye timisomali m'chibwano alibe.

Apa mpamene nzeru zinamupha. Anaona ufa wapinki m'chitini ndi kabotolo ka madzi onunkha, nati ameneyu ndiye guluu wake. Anasakaniza, anapaka mosaumira, naluma mwamphamvu. M'kamwa munatentha, koma pagalasi panaoneka mwamuna woti n'kukwatira mawa lomwe.

Akudzisirira choncho, anaona mmisiri akubwera poteropo, akutokosa m'mano. Chimpata anati aimbe mluzu, koma chibwano chinali chitauma gwa. Mpata wa mano uja nawo unali utatsekeka.

"Mmm! Mmm!" anatero, akugwedeza manja.

"Inde wakongola, tatisiye tigwire ntchito," anayankha Mapulani osatembenuka.

Mmisiri sanakuwe. Anangokhoma chitseko, natuma mlonda kukaitana apolisi, kenako anauza akubawo mwaulemu kuti timisomali tawo si tagolide ayi, n'tachitsulo topaka utoto. Mapulani anakhala pansi n'kuyamba kuvula masokosi yekha. Za Chimpata, mmisiriyo anati pafunika macheka aang'ono ndi kuleza mtima, koma ayambe adikira mwini wake wa manowo, amene anapangana naye kuti abwera masana omwewo kudzawayesa.

Posakhalitsa kunamveka kugogoda. Mmisiri atatsegula, analowa mayi wina wathupi, atatseka pakamwa ndi mpango. Chimpata anafuna nthaka itang'ambika. Anali mayi a bwenzi lake.

Anayesa kubisa nkhope, koma milomo sinkatsekeka, moti anangoima chilili akuwasekerera ndi mano onse. Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anatsitsa mpango uja.

"Mwana wanga ndinakukaniza," anatero ndi mawu otuluka ndi kamluzu, "ndiye wati uyambe ndi mano anga?"