Tsiku Limene a Tollerby Anasonkhana kwa Alamu Anga

Inu, sunthirani kuno pamthunzi. Minibasi ya ku Chipata sinyamuka tsopano, woyendetsa wapita kukameta. Ndikuuzeni za alamu anga a Fanwell, amene anakwatira mlongo wanga Emelia.

Munthu ameneyu anabwera kwathu kufupi ndi Mkaika ngati mkamwini, atanyamula kasutikesi ka malata ndi ambulera yopanda chogwirira. Munda tinawapatsa ndife a Banda. Malo omangapo nyumba, ndife a Banda. Nkhuku yoyamba kulira pakhomo pawo inachokera m'khola langa. Koma zaka zonsezi, akafuna kundiitana amati, "Inu a Banda wamba."

Wamba! Ine!

Chimene chinkawatukumula ndi dzina. Iwo sanali Phiri, sanali Mwale, sanali Zulu. Anali a Fanwell Tollerby. Dzinalo analilemba ndi penti pachitseko, pangolo, mpaka pachigubu chopopera mankhwala a thonje. Ankati agogo awo anali mwana wa mzungu wina wogula fodya kalekale, ndipo akamanena zimenezi ankatembenukira cham'mbali kuti muone bwino mphuno. Ine mphuno imeneyo ndaiona kuchokera mbali zonse, m'dzinja ndi m'chilimwe. Ndi mphuno ya ku Katete konkuno.

"A Banda muli ngati nyerere," ankatero. "Ukaponya mwala pamsika ugenda Banda. Ukaponyanso ugenda Phiri, mlamu wake. Koma Tollerby, alamu, mumfunefune."

Ndipo dzinalo linkawasunga bwino. Kwa ife a Banda, aliyense wa chiwongo chako ndi m'bale wako, akafika uyale mphasa. Kwa a Fanwell kunalibe wobwera kudzapempha mbewu, kunalibe uthenga wa maliro. Ankagona tulo ngati mwana.

Tsono anali ndi mwana wamkazi, Olivia, amene amagulitsa mafoni m'sitolo ina paboma. Olivia anapeza mwamuna, Lloyd Mwale wa ku Vubwi, wokonza njinga zamoto, munthu waulemu woti akakupatsa moni umayamba kudziona ngati munthu. Ine monga malume ndinali nkhoswe. Tinakambirana zonse, tinagwirizana kuti chinkhoswe chichitike tikakolola. Emelia anasunga mpunga, nkhuku zinanenepa, mbuzi zinapatulidwa. A Fanwell anang'ung'udza kuti mwana wawo akusiya dzina la golide n'kukatola la mkuwa, koma Olivia si munthu wokangana naye, anatengera kwa ife.

Vuto linayamba Lamulungu lina titachoka kutchalitchi. Olivia, pofuna kuseketsa atate ake, analemba dzinalo pafoni. Foni inatulutsa mapu a dziko lonse okhala ndi timadontho tofiira.

"Atate, akuti kale dzinali linkapezeka m'chigawo chimodzi chokha cha ku Mangalande, mabanja owerengeka. Kenako ena anapita ku Australia, ena ku Canada. Panopa kwawoko latsala pang'ono kutha."

"Kutha?" A Fanwell anagwira pamtima ngati amva za imfa ya amalume awo.

"Koma onani apa. Ku Zambia kulinso kadontho."

Alamu anga anailanda foni ija n'kuiyandikiza kumphuno yotchuka ija. Anayang'ana, kuyang'ana, mpaka foni inazima yokha.

"Kadontho aka ndine," anatero. Kenako anapukusa mutu. "Ayi, kakula. Munthu mmodzi sangafiire chonchi. Ndili ndi abale m'dziko muno, Emelia! Ali ku Lusaka, ali m'mafamu akuluakulu. Mwina akundifunafuna zaka zonsezi, ine ndili pano pakati pa a Banda."

"Pakati pa a Banda mukudya," anatero Emelia, osadzutsa mutu pa mtedza umene ankasenda.

M'mawa mwake anakwera njinga kupita kuwailesi ina kukapereka chilengezo. Kumeneko anawauza kuti chilengezo cha Chingelezi n'chodula kuposa cha Chichewa. Alamu anga ndi munthu woti ntchentche ikagwera m'thobwa lawo amaifinya kaye asanaitaye. Anasankha cha Chichewa.

"Azungu anuwo amva bwanji?" ndinawafunsa.

"Magazi amamva chinenero chilichonse, alamu. Zimenezi a Banda simungazidziwe."

Ndiye sabata yonse wailesi inkafuula pakati pa nyimbo za Mulungu ndi mitengo ya fetereza: "Onse a dzina la Tollerby, kulikonse muli, ndife magazi amodzi, mbewu ya munthu mmodzi. Bwerani Loweruka kwa m'bale wanu Fanwell kufupi ndi Mkaika. Khomo ndi lotsegula, chakudya chilipo."

Akuluakulu anati woitana mvula ayambe wafolera denga. Alamu anga anayamba ndi chimbudzi. Anati mzungu sanjuta, mawondo ake sanapangidwire zimenezo. Anatenga mpando wanga wa ndalema, umene ndinausiya pakhonde pawo tsiku la mapu lija, n'kuuboola pakati, n'kuukhazika padzenje. Kenako anati auyese kaye okha. Inu, mpando wopinda supanga ubale ndi munthu! Tinangomva kukuwa. Titafika tinapeza mpando watseka pakamwa, alamu anga apindika pakati ngati kalata, mawondo ali kumakutu. Tinawasolola ine ndi Emelia, wina mwendo wina mkono, ndipo m'malo mothokoza anati mpando wa a Banda ndi wachabechabe.

Loweruka linafika ndi dzuwa loswa mtengo. A Fanwell anavala jekete laubweya la pasalaula, pamsika wa zovala zakale, lija azungu amavala kukagwa chisanu choundana, ndi tayi wofiira. Anayala mipando ya pulasitiki yobwereka kutchalitchi, kutsogolo, ya alendo. Ife eni mudzi anatilozera chipika kuseri kwa nkhokwe. Patebulo panali masikono, tiyi wamkaka ndi mafoloko amene Emelia anali asanawaonepo m'nyumba mwake.

Patapita nthawi fumbi linaoneka kumsewu.

"Afika!" A Fanwell anakonza tayi. "Emelia, bisa agalu. Alamu, inu musalankhule."

M'fumbimo munatuluka lole yonyamula thonje, ndipo pamwamba pake panali anthu ngati akupita ku mwambo wa Kulamba. Azimayi ndi ana kumsana, azibambo ndi mphasa zokulunga, wina ndi wailesi yake yomwe anamverapo uthengawo. Woyamba kutsika anali mayi wina wathupi, mawu ake ngati belu la sukulu.

"Odi kuno! Kwa achimwene athu a Fanwell ndi kuno? Ndine Edina Tollerby wa ku Sinda. Awa onse ndi anu."

"Pepani, mayi," anatero alamu anga, thukuta likutsika m'tayi. "Mwina mwasochera. Ife tikudikira a Tollerby."

"Ndife amene. Agogo athu anali mwana wa mzungu wogula fodya uja." Ndipo mayiyo anatembenukira cham'mbali kuti tione mphuno.

Inu, ine ndinagwa pachipika ndi kuseka.

Lole isanazime, kunafika ngolo ya ng'ombe. A Tollerby. Kenako njinga zakapalasa, mwamuna kutsogolo, mkazi pakaliyala, mwana pachitsulo. A Tollerby. Kunabwera ena a m'malire a Mozambique, amene ankalandira sikono lililonse ndi "obrigado" n'kutambasulanso dzanja. Ndipo banja lililonse likafika, mkulu wake ankafotokoza za agogo, mwana wa mzungu wogula fodya, n'kutembenukira cham'mbali. Bwalo lonse linadzaza anthu oyang'ana kumbali ngati nkhuku zoona kabawi. Ine ndinati mumtima, mzungu ameneyu fodya ankagula nthawi yanji?

Kuwathamangitsa sakanatha. Munthu amene wamutcha m'bale pawailesi, dziko lonse likumva, sungamubweze ndi njala. Masikono anatha ngati mame. Emelia anatsegula mpunga wa chinkhoswe akutukwana chamumtima. Nkhuku zinapita, mbuzi imodzi inatsatira. A Tollerby ena, poona kuti pabwalo padzaza, anakakhala pamthunzi wa nkhokwe yanga, ndipo mtedza wanga unayamba kuchepa mwaubale.

Koma a Fanwell, mukudziwa, ndi munthu woti akagwa m'matope amati amafuna kusamba. Ataona khamu lonselo likuwatcha achimwene, mtima unayambanso kukwera. Anaimirira pampando n'kuyamba kulalika.

"Abale anga! Kwawo kwa dzinali akuti likutha. Koma taonani kuno! Ife ndife nkhokwe yake! Magazi amodzi, agogo amodzi! Amene angatilekanitse ndani?"

Nthungululu zinalira. Ndipo pakati pa nthungululuzo panafika njinga yamoto, woyendetsa ndi Lloyd, mkamwini wathu wa mawa. Kumbuyo kwake kunali mkulu wina wa chipewa cha nthenga.

"Lloyd, wachita bwino kubwera, ukathandize kutunga madzi," anatero a Fanwell. "Awa ndani?"

"Ndi atate anga. Anamva pawailesi, ndiye anati ndiwaperekeze."

Mkuluyo anavula chipewa. "Elijah Tollerby, wa ku Vubwi."

Inu, atate a Lloyd Mwale ndi a Tollerby! Zinapezeka kuti Lloyd anakulira kwa amalume ake makolo ake atalekana, n'kutenga chiwongo cha kumeneko. Ife pokambirana za ukwati tinkakumana ndi amalumewo, monga mwa mwambo. Za dzina la bambo ndani anafunsa?

A Edina ndiwo anayamba. "Tadikirani. Mnyamata uyu ndi amene akufuna Olivia? Mwana wa a Elijah ndi mwana wa a Fanwell? Malaulo! Munthu ndi mlongo wake! Mwanena nokha pompano, achimwene, mwendo uli pampando: magazi amodzi, agogo amodzi. Ukwati umenewu ife a Tollerby sitingaulole."

"Sitingaulole!" linavomera khamu, pakamwa pali mpunga wa ukwati womwewo.

Onse anayang'ana ine, nkhoswe. Ine ndinati, "Pepani, ine ndine Banda wamba. Anandiuza kuti ndisalankhule."

Lloyd anasiya njinga yake. Anagwada pafupi ndi atate ake. "Atate, nenani zoona. Mzunguyo analidi agogo athu?"

A Elijah anangotembenukira cham'mbali n'kuloza mphuno. Basi, yankho linali lomwelo.

Apo Olivia anatuluka kukhitchini. Anagwada pamaso pa atate ake mwaulemu wonse, manja pamodzi, koma mawu ake anali ngati nkhwangwa yonola kumene.

"Atate, ine Lloyd sindimusiya. Mukati ndi mlongo wanga, ndipita naye kutali kumene kulibe wailesi, ndipo simudzandionanso, ngakhale mdzukulu simudzamunyamula. Mukati si mlongo wanga, nenani pano, anthu onsewa amve. Ine agogo aakazi anandiuza zina asanamwalire. Koma ndikufuna zituluke pakamwa panu."

Alamu anga anali akadali pampando paja. Anayang'ana chitseko chawo cholembedwa ndi penti. Anayang'ana ngolo. Anayang'ana mwana wawo ali chogwada m'fumbi. Jekete laubweya linali litanyowa ngati lagwa m'dambo. Ine ndakhala nawo moyandikana zaka zambiri ndipo sindinawamverepo chisoni, koma tsiku limenelo ndinatsala pang'ono.

Anatsika pampando pang'onopang'ono.

"Agogo anga," anatero ndi mawu aang'ono, "anali a Mbewe."

"Kwezani mawu, kumbuyo kuno sitikumva!" Ameneyo ndinali ine.

"Anali a Mbewe! Ankaweta abulu a mzunguyo. Popita kukabatizidwa anawafunsa kuti ndinu a kwa yani, iwo anati a kwa Tollerby, poti n'kumene ankagona. Basi. Mphuno iyi ndi ya amayi anga."

Mukuganiza kuti enawo anaulula zawo? Ngakhale mmodzi! A Edina anapukusa mutu mwachisoni n'kunena kuti iwo anaona kale kuti mphunoyo ndi yokayikitsa. A Elijah anavala chipewa chawo n'kunena kuti si mwambo wawo kupereka mwana ku banja la oweta abulu, koma poti anawo akondana, iwo ndi munthu wachifundo. Anangopempha chimodzi: Lloyd abwerere ku dzina la atate ake. Kenako onse anagwirizana kuti ngakhale mwini khomo wapezeka kuti si m'bale, chakudya chophikaphika sichibwerera m'thumba. Anamaliza, anagona, ena anachoka Lachiwiri.

Chinkhoswe chinachitika, cha mpunga wochepa ndi mbuzi yotsala ija. Lero Olivia ndi Mayi Tollerby ku Vubwi, mwana wawo ndi Tollerby, ndipo akuti kadontho kaja kakukulirakulira. Pa anthu onse amene anasonkhana tsiku lija, amene anataya dzinalo ndi mmodzi yekha, mwini chilengezo.

Ndipo mbiri imayenda, inu. A Mbewe a ku Katete, a ku Sinda mpaka a ku Chadiza anamva kuti m'bale wawo wotayika wapezeka. Tsopano sabata sitha popanda uthenga wa maliro, ndipo amawakumbutsa kuti ali ndi maliro a zaka zambiri amene sanapiteko. Mphasa sichoka pakhonde.

Dzulo ndinawapeza akupala chitseko ndi mpeni, penti ikugwa ngati mamba a nsomba. Ndinati, "Muli bwanji, a Mbewe wamba?"

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kutembenukira cham'mbali.

"Alamu, a Mbewe ndi ambiri, inde. Koma a Mbewe enieni tilipo ochepa kwambiri."

Mpando wanga wa ndalema ukadali kuchimbudzi. Akuti mwina azungu adzabwera.