Dalitso la a Dunstan

Mmalawi aliyense ku Leeds ankadziwa chinthu chimodzi cha malemu a Dunstan: munthu amene iwo amuvomereza pa chisankho, ayambiretu kulira. Ngakhale apikisane ndi chitsa, chitsacho chinkapambana.

A Dunstan ankakankha mabedi a odwala pachipatala china mumzindawo, komanso anali wapampando wa kabungwe ka manesi ndi osamalira okalamba ochokera kumudzi. Kabungweko kanali kochepa koma mawu ake ankafika kutali, poti nesi wa ku Mangalande akaimba foni n'kunena woti avoteredwe, abale amene amadyera m'manja mwake satsutsa. Ndiye zipani za ku Malawi zikamasankha woziimira pa upulezidenti, ofuna mpandowo ankapempha kuti bungwe liwavomereze. Mamembala ankakambirana, inde, koma mawu omaliza ankakhala a a Dunstan. Ankalankhula mpaka otsutsa atope, athamangire ku shifiti.

Asimenye, nesi amene anali mlembi wa bungwelo, ndiye anayamba kuona kuti pali china chake. Loweruka lina masana, muholo ya tchalitchi ku Harehills, a Dunstan anaimirira, kumanga batani la jekete, n'kutchula dzina la dokotala wina. Getsi linaphethira. Tiyi amene anali m'manja mwa Asimenye anazizira nthawi yomweyo ngati watungidwa pachitsime. Tsiku la msonkhano waukulu wa chipani chake, dokotala uja atatsegula pakamwa, panangotuluka kamluzu ngati ka mwanapiye.

"Chimfine chimenecho," anatero a Dunstan. "Andale savala sikafu."

Kenako anavomereza mayi wina wamalonda. Basi ya omuvotera inanyamuka ku Mzuzu kupita ku Lilongwe, n'kulowa mu nkhungu ya ku Chikangawa. Nkhungu itatha, anthu anapezeka akulowanso mu Mzuzu. Dalaivala analumbira pali mayi ake kuti sanakhote paliponse.

Mbiri inawanda. Tsiku lina kunabwera amuna a masuti kuchokera ku Manchester, atanyamula mwendo wa mbuzi.

"Bwana, tatumidwa. Chonde, muvomereze mdani wathu."

"Mdani wanu? Bwanji osati munthu wanu?"

"Wathuyo musiyeni, ali ndi ana aang'ono."

A Dunstan anadya mbuziyo, ndipo Loweruka analengeza kuti ulemu wotere sanauonepo, choncho avomereza bwana wa alendowo. Akuti mmodzi wa amunawo analira pa siteshoni mpaka mzungu wina anamupatsa tishu.

Asimenye ankaseka nawo, kufikira chaka chimene malume ake, a Lughano, amene anamulera, analowa nawo mpikisano. Anawapeza a Dunstan pakhomo la lifiti akukankha bedi lopanda munthu.

"Bambo, ndagwira mwendo. Malume anga musawatchule."

"Lughano wa ku Karonga? Munthu wabwino kwabasi!"

"N'chifukwa chake ndikupempha. Nenani kuti ndi wakuba, kapena mfiti."

"Mwana wanga, ine pa zisankho sindinama."

Anawatchula. Ulendo uno mawindo onse a holo anachita thukuta mkati, kunja kuli dzuwa. A Lughano anagonja mochititsa manyazi, ndipo ngakhale amene anawanyamulira chikwama anavotera wina. Anabwerera kwawo kukalima mpunga, ndipo Asimenye anasiya kupereka moni kwa a Dunstan.

M'nyengo yozizira yotsatira, a Dunstan anagonekedwa mu wodi ya Asimenye yemweyo, mtima utatupa. Asimenye akuwayeza kuthamanga kwa magazi, iwo anamugwira dzanja.

"Malume ako ali bwanji?"

"Anenepa," anayankha mouma. "Akungosewera ndi adzukulu."

"Nanga anawapambana uja?"

Asimenye anamasula choyezera magazi pamkono pawo. Wopambanayo anali atauma ngati nsungwi, akuyenda ndi alonda, osadya chakudya cha pamaliro poopa kuthiridwa mankhwala.

"Mpando umene uja umadya anthu," ananong'ona a Dunstan. "Iwe unkayesa sindidziwa dzanja langa? Ndinkatchula okhawo amene ndinkawakonda." Anatsokomola, n'kumwetulira. "Kupatula wa mbuzi uja. Mbuzi yake inali yokalamba."

Anamwalira m'sabata yomweyo. Pamaliro, andale a kumudzi anatumiza mauthenga achisoni ataliatali, koma ena mwa iwo ankamveka ngati anthu amene atula mtolo.

Bungwe linagwirizana kuti tsopano lizivota pokweza manja. Pa msonkhano woyamba, Asimenye ataimirira kuti awerenge manja, anaona dzanja lina kumbuyo kwenikweni, pakati pa mipando yosanjikizana pomwe sipakhala munthu. Linali lokwezedwa bwinobwino, moleza mtima, kudikira kuti liwerengedwe. Anawerenganso, manja n'kuposabe anthu. Sanauze aliyense. Analiwerengera limodzi ndi enawo, n'kukhala pansi.

Masiku ano misonkhano imatha msanga. Palibe wokuwa, palibe wobwera ndi mbuzi, ndipo anthu amavala makhoti awo n'kumwazikira kumabasi osacheza pakhomo. Asimenye akafunsidwa ngati anachita mantha tsiku lija, poti pambuyo pake anaulula kwa anzake, amavomera kuti anachita. Koma chimene chinamuliza, amatero, ndi msonkhano wotsatira. Anayang'ana kumbuyo kuja nthawi yaitali, anthu manja ali m'mwamba mpaka kutopa, ndipo kunali mipando yokhayokha.