Werengani Mpaka Khumi, Mak Cik

Inu, tamverani, koma manja asaime, anyeziyo ngwambiri. Mwakhala mukunong'onezana kuti zinatheka bwanji kuti ine Zaharah, mkazi wa malemu Dollah amene anawedza pa Rompin pano zaka makumi anayi, nditsike m'boti masana dzuwa likuswa mtengo, phazi limodzi lopanda silipasi. Ndikuuzani ndekha, chifukwa mlamu wanga Kalsom akamainena amathira mchere wambiri.

Zinayamba pamene chitsiriza wanga Suriati anabwera ndi dzina la mwamuna, Rosdi. Ndinafunsa zimene mayi aliyense amafunsa.

"Amagwira ntchito yanji?"

"Ndi msodzi, Mak. Ali ndi boti lakelake, amatenga alendo kukawedza layaran."

"Dzulo anabwera nazo zingati?"

"Anagwira zisanu ndi ziwiri."

"Sindinafunse zogwira. Ndafunsa zobwera nazo."

Anayang'ana pansi. "Amazibwezera m'madzi, Mak."

Layaran mukuidziwa, nsomba yotalika kuposa chitseko, mlomo ngati mkondo, pamsana thanga lonse. Munthu agwire zisanu ndi ziwiri n'kufika kunyumba ndi fungo lokha? Bambo ake a Suriati akabwera chimanjamanja ankalowera khomo lakuseri. Ndinalamula kuti ukwati kulibe mpaka mwamunayo ataika nsomba pa mbale yanga. Mwana analira masiku awiri, mpunga wake ndinkadya ndine kuti usawonongeke. Tsiku lachitatu Rosdi anabwera yekha, anavula nsapato pakhomo, n'kundipatsa moni ndi manja awiri.

"Mak Cik," anatero, monga aitanira mayi aliyense wa pamsewu, "tiyeni mawa mukaone nokha. Mlendo wanga wasintha tsiku, mafuta ndathira kale."

Akuluakulu anati chaulere sachifunsa kawiri. Ngati sananene, anaiwala. Ndinabwereka kwa Kalsom chibokosi cha ayezi chija amasungiramo nyama ya ng'ombe, n'kumuuza kuti agule mchere, mbali ya kumchira idzakhala yake.

Tinanyamuka atatu, ine, Suriati ndi mwini boti. Poyamba tinaima kuti tigwire nyambo. Rosdi anatsitsa chingwe cha timbedza tambirimbiri, ndipo posakhalitsa m'thanki ya madzi munali nsomba za selar makumi awiri zamoyo, zonenepa, zimene pamsika mumachita kukanganirana.

"Izi zikupita kuti?" ndinafunsa.

"Ndi nyambo, Mak Cik. Layaran imafuna yamoyo, yosambira."

"Nsomba yodya ukadyetse nsomba yosadya?"

Anaseka ngati ndanena nthabwala. Boti litayambanso kuyenda, iye ndi Suriati maso ali kutsogolo kufunafuna mbalame, ine ndinapulumutsa selar khumi ndi zisanu ndi ziwiri, n'kuzigoneka bwinobwino pa ayezi m'bokosi la Kalsom. M'thanki ndinasiya zitatu zowonda. Kumeneko si kuba, n'kusamala.

Tinazipeza mbalame zikugwa m'madzi ngati zalasidwa. Rosdi anati pansi pa mbalame pali tinsomba tothawa, ndipo pansi pa tinsomba pali wozithamangitsa. Anazimitsa injini chapatali kuti mphepo itikankhire komweko mwakachetechete. Kenako anapisa m'thumba n'kutulutsa chibaluni chofiira, n'kuyamba kuuzira. Ndinaganiza kuti akufuna kufunsira mbeta pomwepo, ndinakonza mpango wanga. Koma anachimangirira ku chingwe, akuti n'chosunga nyambo pamwamba pa madzi ndi kuitengera kutali ndi boti.

Anatsegula thanki. Anayang'ana nsomba zitatu zija. Anandiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana mbalame. Anangotenga imodzi n'kuikola pamphuno ndi mbedza yopindikira m'kati ngati chikhadabo cha mphaka, n'kundipatsa ndodo yowedzera.

"Mak Cik, mbedza iyi imadzikola yokha pangodya ya kamwa. Layaran ikatenga nyambo, musakoke. Isiyeni ithawe ndi chingwe, muwerenge mpaka khumi, kenako mutseke kagudumu kokulungira chingweka n'kupukusa pang'onopang'ono."

"Ukundiphunzitsa kuwedza ine? Ndinayamba kukoka chingwe iwe mano asanamere."

Chibaluni chinayandama, chinayandama, kenako chinathamanga ngati chaitanidwa. Manja anga sanadikire mutu. Ndinakoka mmene Dollah anandiphunzitsira, ndi msana wonse. Mbedza inabwera yopanda kanthu, ine ndinakakhala m'ndowa, silipasi yakumanzere inauluka n'kugwera m'nyanja. Tinaiona ikupita cha ku chilumba cha Tioman.

"Inalipo yaikulu," anatero Rosdi mwaulemu, akundizula m'ndowamo.

Nyambo yachiwiri. Sukulu ndinalekezera sitandade thu, koma pa kuwerenga palibe amene anandipusitsapo. Chingwe chitayamba kuthawa ndinawerenga mmene ndimawerengera mazira pamsika.

"Ziwiri, zinayi, zisanu n'chimodzi, zisanu n'zitatu, khumi."

Ndinatseka. Chingwe chinalimba kamphindi, n'kulefuka. Nyambo inabwera yopalika mamba mbali imodzi, yakufa, yodabwa.

"Mak, mwalumpha theka," anatero Suriati.

"Khumi ndi khumi."

"Imayamba yaimenya ndi mlomo, Mak Cik," anatero Rosdi. "Kenako imaitembenuza kuti imeze kuyambira kumutu. Munthu akamadya sitimulanda mbale."

Inatsala imodzi, yowondetsetsa. Suriati nkhope inali itayera. Ndinamumva akunong'oneza Rosdi kuti, "Abang, gwirani nokha ndodoyi, chonde." Koma mwamunayo anapukusa mutu n'kundipatsanso ine. Chibaluni chili kutali, anakhala pambali panga.

"Mak Cik, alipo anthu khumi amene anabwereka zinthu zanu osabweza?"

"Khumi okha?"

"Chingwe chikathawa, muwatchule mmodzimmodzi, ndi chimene anatenga."

Chingwe chinathawa. Ndinayamba modekha, chifukwa nkhani zimenezi sindizithamangira.

"Kalsom, mphika wanga waukulu, chaka cha madzi osefukira. Mat Nor, makwerero. Mkazi wa Mat Nor, ambulera, mvula kulibe n'komwe. Jamilah, mbale zamaluwa zisanu ndi chimodzi, anabweza zisanu. Mwana wa Jamilah, njinga, inabwera yopanda belu. Pak Long, nkhuku yaikazi yoti ikangofungatira. Kalsom kachiwiri, chivundikiro cha mphika womwewo..."

Nditafika pa wakhumi Rosdi anati, "Tsekani."

"Sindinamalize, kwatsala a kuchimuna."

"Tsekani, Mak Cik."

Ndinatseka, n'kupukusa pang'onopang'ono ngati ndikupera tsabola wa mlendo. Ndodo inapindika mpaka kugwada. Patsogolo pathu nyanja inang'ambika, chinsomba chinatuluka chonse, thanga lili tambasu, n'kuyenda ndi mchira pamwamba pa madzi. Ndinatchula dzina la Mulungu, ndipo sindinalumphe chilembo.

Tinalimbana pafupifupi ola lathunthu. Suriati anandigwira m'chiuno, Rosdi akuwongolera boti kuti chingwe chisalowe pansi pake, uku akundiuza kuti ndikweze ndodo pang'onopang'ono, ndipukuse poitsitsa, ikathawa ndiisiye ithawe. Moyo wanga wonse sindinasiyepo chinthu chikuthawa, inu mukudziwa. Tsiku limenelo ndinasiya kanayi, ndipo kanayi konse chinabwerera.

Itafika pambali pa boti, Rosdi anavala magolovesi, anaigwira mlomo, mbedza ili pangodya ya kamwa monga ananenera. Ine ndi chimwemwe ndinatsegula bokosi la Kalsom kuti tiikemo. Ndinali nditaiwala. Selar khumi ndi zisanu ndi ziwiri zinatiyang'ana tonse atatu.



"Malo mulibe, Mak Cik," anatero Rosdi.

"Tiipinda. Ikweze."

"Sindingathe." Anayang'ana Suriati, kenako ine. "Eni maboti tinagwirizana kuti iyi sitipha. Mukandikana chifukwa cha zimenezi, mundikane, koma ibwerera."

Anachotsa mbedza, n'kuuza Suriati kuti ayendetse boti pang'onopang'ono kuti madzi adutse m'kamwa mwa nsombayo, ipezenso mphamvu. Mwana wanga ankayendetsa misozi ili mbwembwembwe. Rosdi anatambasula thanga lija ndi dzanja limodzi. Linali long'ambika pawiri chakumbuyo.

"Iyi ndikuidziwa," anatero. "Mwezi uno n'kachitatu. Anayamba ndi dokotala wa mano wa ku Japan, kenako abale awiri a ku Kuala Lumpur."

"Yomweyi?"

"Yomweyi."

"Onsewo analipira?"

"Tsiku lonse, ndi chakudya chamasana."

"Anapita ndi chiyani?"

"Chithunzi."

"Nsomba n'kutsala ndi iwe?"

"Si yanga, Mak Cik, ndi ya nyanja."

"Nyanja ili ndi boti?"

Ndinakhala pa bokosi lija n'kuganiza. Dollah, Mulungu amuchitire chifundo, anali mwamuna wabwino, koma zaka makumi anayi nsomba iliyonse ankaigulitsa kamodzi kokha. Ndinawerama n'kuisisita pamsana. Inali yozizira, yoterera, mchira utayamba kumenya madzi.

"Uisiye bwino, isavulale," ndinatero. "Uiuze kuti mlendo uja akubwera Lachinayi."

Anaisiya, inatsika pang'onopang'ono ngati munthu woti akudziwa kuti ntchito sangachotsedwe.

Pobwerera Rosdi anatsokomola. "Mak Cik, za nsomba ya pa mbale ija..."

"Selar izi anagwira ndani?"

"Ine."

"Ndiye ukufuna mbale zingati? Ndipo Cik-yo uitaye m'nyanja momwemo. Uziti Mak, ngati Suriati."

Pa doko tinapeza Kalsom ataima ndi thumba la mchere la makilo asanu ndi mpeni waukulu, atauza kale theka la mudzi. Ndinamupatsa selar ziwiri. Zotsala adzalandira mphika ukabwera, ndipo Kalsom, usayang'ane anyezi ngati sukumva, mpunga wa ukwati wa mawawu tiphikira momwemo.

Pa mndandanda wanga palowa dzina latsopano: layaran ya thanga long'ambika, silipasi imodzi yakumanzere. Koma imeneyo sindiilondalonda. Ili pa ntchito ya banja.